Madiresi a Mlamu Pachingwe

"Ine ndikamulemba munthu," anatero Lumo, mashini ali m'malere, kasitomala atametedwa mbali imodzi yokha, "ngakhale mayi ake omubereka akhoza kuwerenga tsamba lonse, kuseka mpaka misozi, n'kutseka buku osadziwa kuti aseka mwana wawo. Kusintha munthu ndiye ntchito yanga. Mumalowa muno ngati tchire, mumatuluka akazi anu akufunsa kuti mlendoyu wasochera kuti."

Anthu a pabenchi anaseka. M'babashopu ya Lumo kuseka kunali kudziteteza, chifukwa ukakhala ndwii, mawa lake unkapeza anzako akufa ndi phwete, Lumo akuyenda mmene umayendera iwe, akuyankhula ndi mawu ako enieni. Dzina lakelo silinachokere ku lumo la m'dirowa ayi, linachokera ku la m'kamwa. Ankatsanzira abusa, mwini nyumba, ngakhale wapolisi wa pamphambano uja woyankhula ngati wabisa mbatata yotentha m'tsaya. Sukulu anaisiyira panjira, koma makutu anabwera nawo. Zimene anthu ankaulula ali pampando, khosi litakulungidwa nsalu, iye ankazilemba akamaliza kusesa tsitsi, mpaka tsiku lina zinakwana buku. Tsopano bukulo linali litamuitanitsa kuchikondwerero cha alembi, kumene anthu a mabuku amakwera pansanja n'kumawerengera anzawo mokweza zimene analemba.

"Ndiye kuti nanenso ndilimo?" anafunsa kasitomala wa mutu watheka uja.

"Mulimo. Kadzifufuzeni. Mukadzipeza ndizikumetani ulere mpaka dazi lidzandilande ntchito."

Anasekanso. Lumo naye anaseka, koma maso ake anathawa galasi. Pansi pa galasilo panali shelefu yoikapo zipeso, ndipo shelefuyo, benchi lomwe anthu anakhalapolo, ngakhale chitseko, zonse anakhoma ndi achimwene ake.

Achimwene akewo anali kalipentala, munthu wamtali, woonda ngati thabwa loimika, wadazi, wosachuluka mawu. Makolo atamwalira ndiwo analera Lumo. Ndiwo ankamukokera kusukulu iye akuthawa, ndipo atagonja nazo za sukuluzo, ndiwonso anamugulira mashini ake oyamba ometera. Asanayankhule ankayamba atsokomola pang'ono, kho-kho, ngati akugogoda pakhomo pa mawu awo omwe. Kaya uwafunse za moyo, kaya za ntchito, kaya za mwendo wa tebulo, yankho linali limodzi: "Aa, ayi, zonse zili m'malo mwake."

Chaka china zonse sizinakhale m'malo mwake. Akazi awo, mlamu wake wa Lumo, ananyamuka ndi munthu wokonza mafiriji. Anangotenga kachikwama kam'manja, madiresi onse n'kuwasiya m'kabati imene amuna awo anawakhomera. Ana anali atakula kale, ali kutali. Achimwene sanauze munthu. Oyandikana nawo akafunsa, ankati mayi ali m'nyumba, mutu ukuwavuta.

Lumo anazitulukira mwangozi. Mpando wake wometera unathyoka chotsamira, ndiye analawira kukawaitana. Atagogoda kutsogolo osayankhidwa, anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kupeza achimwene ake atagwada pabeseni, thovu mpaka m'zigongono, akuchapa diresi la maluwa ofiira. Pachingwe panali kale ena, oyanikidwa mwaluso, ndi kansalu kakumutu pambali pake, kuti wodutsa aliyense aone kuti m'nyumba muno mayi alimo. Madiresi oyera kale, osavalidwa ndi munthu. Ankawasinthasintha kuti asamaoneke omwewomwewo, ndipo la kutchalitchi ankaliyanika Lolemba, poti munthu amene wapemphera dzulo lake ndiye amachapa lotero.

Anayang'anana. Achimwene anachotsa mapegi amene anali atawaluma, natsokomola.

"Mphwanga, zimene waonazi zithere kuseri kuno."

"Achimwene, ndikadzauza munthu, dzanja langa lometerali lidzaume."

Patapita nthawi madiresi anachoka pachingwe, nkhani n'kusanduka yoti mayi anapita kukadwazika mayi awo kutali, odwala aja amene sachira komanso samwalira. Anthu anaivomera chifukwa cha ulemu. Ndipo dzanja la Lumo silinaume. Ndi lomwelo linalemba mutu wokoma kuposa yonse m'bukumo.

Poulemba mutuwo anagwira ntchito ngati wometa weniweni. Wamtali anamufupikitsa. Woonda anamupatsa mimba. Padazi anadzalapo tsitsi, n'kuwonjezera ndevu za basera. Kalipentala anasanduka wogulitsa nyama m'butchala, wokonza mafiriji anasanduka woimba gitala, maluwa ofiira anasanduka madontho obiriwira. Ngakhale mawu aja anawameta: wabutchalayo akafunsidwa za akazi ake ankangoti, "Palibe vuto." Atamaliza anamuzungulira munthu wakeyo monga amachitira ndi kagalasi kakumbuyo, nakhutira. Awa si achimwene. Uyu ndi wabutchala.

Mkazi wake wa Lumo anauwerenga mutuwo ali pakhonde, naseka mpaka buku linagwera m'madzi otsukira mbale.

"Koma amuna enanu ndi zitsiru, eti? Kuchapa diresi la munthu amene ali kwinaku akuvina gitala!"

Lumo anakondwa kuti ngakhale mkazi wake sanazindikire. Kenako anatola bukulo n'kukaliyanika padzuwa, chimwemwe chija chitatha. Kuyambira pamenepo akamva nyundo ikulira kwinakwake, mtima unkagunda nayo limodzi.

Mwayi wake unali woti achimwene sanaliwerenge bukulo. Maso awo anali atayamba kukana zilembo zing'onozing'ono. Zimene ankaonabe bwino ndi manambala a patepi basi. Buku limene Lumo anawapatsa analikhomera kabokosi kagalasi, n'kulipachika pabalaza pafupi ndi chithunzi cha ukwati wawo, chimene sanachichotsepo.

"Buku la mphwanga si logwira ndi manja a guluu," ankatero. "Ndidzalimvera pakamwa pa mwini wake."

Ndiye tsiku lina wokonza chikondwerero chija anamuimbira foni Lumo, mtsikana wothamanga pakamwa ngati akuthawa mvula.

"Bambo, takusankhirani mutu wa madiresi uja. Komiti yonse inaseka, mpaka wina anatsamwa ndi tiyi."

"Mwauona wa abusa ndi mbuzi? Umenewo ndiye wokoma zedi, achemwali."

"Pulogalamu tasindikiza kale, bambo. Madiresi basi. Musachedwe."

Anapita kushedi kwa achimwene, atakonza bodza lake bwinobwino m'njira.

"Achimwene, zinthu zake zimenezi n'zotopetsa. Anthu amangoyankhula zizungu zazitali tsiku lonse. Mipando yakenso yolimba, msana wanuwo sungapirire."

"Kho-kho. Mipandoyo ndiye ndikaione."

Anamukokera kuseri kwa matabwa n'kuvundukula chinsalu. Panali kashelefu kopinda, kopakidwa vanishi, konyezimira, kokhala ndi timipata toimikamo mabuku kuti nkhope zake zizioneka. Anali atakagwira madzulo ambiri, ntchito za anthu zili pambali.

"Mabuku a anzako akagone pathebulo ngati nsomba. Ako akaimirire."

Lumo anayamikira. Anayamikira kwambiri, mopitirira muyeso, ngati munthu wothira mafuta onunkhira pamutu umene waucheka.

Tsiku litafika achimwene anabwera ndi kagalimoto kobwereka kwa wogulitsa matabwa, atavala jekete ya ukwati wawo, imene tsopano inkawakhuthukira m'mapewa. M'njira Lumo anayesa. Kunena zoona, anayesadi.

"Achimwene, m'bukumu muli nkhani ina yake imene..."

"Usandiuze. Undiwonongera kukoma."

Mtima wa Lumo unapepuka pang'ono, ndipo kupepukako kunamuchititsa manyazi kuposa kulemera kuja. Ndiwauza tikafika, anatero mumtima. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Chikondwererocho chinali pabwalo la koleji ina: matenti oyera panja, holo yaikulu pakati, mbendera za mapepala zikuuluzika. Pakhomo anamukoleka chingwe m'khosi chokhala ndi kakhadi kolembedwa kuti MLEMBI, ndipo Lumo anakagwiragwira ngati mwana wovala nsapato zatsopano. Koma ntchito siibisika. Anzake akuyang'ana mabuku, iye ankayang'ana mitu. Aka kanali koyamba kuona anthu ophunzira ochuluka chonchi malo amodzi, ndipo anapeza kuti nzeru ndi chipeso sizigwirizana. Panali wandakatulo wina wovala sikafu m'khosi dzuwa likuswa mtengo, tsitsi lake ngati chisa chimene mbalame zinachithawa. Panali Pulofesa, amene anali woti atsogolere zokambirana, yemwe anasunga titsitsi towerengeka kumbali n'kutigoneka padazi ngati milatho. Lumo anamva zala zikumuyabwa.

Mtsikana wokonza zinthu uja anali ndi mafoni awiri, ina kukhutu ina m'manja, ndipo ankayankha onse awiri ndi munthu wachitatu nthawi imodzi. Anamulowetsa Lumo m'chipinda cha alembi, mmene munali tiyi, mabisiketi ndi anthu oyamikirana mabuku amene sanawawerenge. Ali pawindo la chipindacho, kapu m'manja, Lumo anapeza nzeru. Matebulo a mabuku anali panja, m'tenti. Kuwerenga kunali m'holo. Munthu sangakhale malo awiri.

Pawindo pomwepo ankawaona achimwene ake. Anali atatambasula kashelefu kaja, mabuku ataimirira ngati asilikali, iwo ali pambali, manja kumbuyo. Munthu wosachuluka mawu uja lero anali atatsegula. Aliyense wodutsa ankamuimitsa.

"Kho-kho. Takulandirani. Wolemba wake ndi mphwanga. Ndinamulera ndine."

"Oo, zikomo bambo. Muli bwanji?"

"Aa, ayi, zonse zili m'malo mwake."

Ana a sukulu, aphunzitsi awo, azimayi a m'magulu owerenga mabuku, ngakhale wandakatulo wa sikafu uja, onse anadutsa pamenepo, onse anapatsidwa moni womwewo. Kunabweranso mayi wina wonenepa, wa chipewa chachikulu ngati chivundikiro cha mphika wa pasukulu, wa mawu osafuna chimkuzamawu. Atakhala pampando wa m'tentimo kuti apume, mpando unayamba kugwedera. Achimwene anagwada ndi jekete yawo ya ukwati, natulutsa kamtengo m'thumba, nakakhomera ndi chidendene cha nsapato.

"Tayesani tsopano, mayi."

"Ii, bambo inu, manja anuwa ndi odala! Akazi anu ali ndi mwayi. Wanga ine ngakhale msomali amaitanira munthu."

Lumo anaona chala chachikulu cha achimwene chikuyenda m'mphepete mwa shelefu, monga ankachitira poyesa ngati thabwa lasalala.

"Kho-kho. Aa, ayi."

Tiyi uja anamuwawira Lumo m'kamwa. Anatuluka.

"Achimwene, nthawi yowerenga ikakwana inu musachoke pano. Mabukuwa angabedwe."

Achimwene anayang'ana uku ndi uku, matebulo odzaza mabuku opanda wowagwira.

"Mphwanga, wakuba wake wa buku ndi uti?"

"Aliko. Ophunzirawa ndiye akuba zedi. Ndikakuwerengerani kunyumba, awiriwiri, mofatsa."

Anamuyang'ana kanthawi, nkhope itagwa pang'ono ngati mwana womanidwa ulendo. Kenako anamukonza kolala ya shati, namuchotsa katsitsi paphewa.

"Chabwino. Pita, usachite mantha. Ukayankhule mokweza."

Holo inali yodzaza. Pansanja panali mipando itatu, tebulo, timabotolo ta madzi ndi chimkuzamawu. Woyamba anali wandakatulo uja. Anakuwa, ananong'ona, anagwada, anaponya sikafu pansi, ndipo ngakhale Lumo sanamve kuti nkhani yake inali yotani, anthu anaimirira kuomba m'manja. M'kati mwa phokosolo chitseko cham'mbali chinatseguka. Analowa mtsikana wa mafoni awiri, atagwira munthu wamtali pamkono.

"Abale a alembi amakhala kutsogolo, bambo. Mabuku ndatsekera ndine, musadandaule."

Anawakhazika mzere woyamba, moyang'anana ndi chimkuzamawu, pafupi ndi mayi wa chipewa uja, amene anasuntha mosangalala kuwapatsa malo. Achimwene anagwedeza mpando kuuyesa, nakhala, naika manja pamaondo. Kenako anamukwezera mphwawo chala chachikulu.

"Tsopano tili ndi mlembi wochokera kwa anthu enieni," anatero Pulofesa, akusisita milatho yake. "Tiuzeni, bambo. Anthu a m'buku lanu amaoneka amoyo kwambiri. Simuopa kuti eni ake adzakugwirani pakhosi?"

Pakamwa pa Lumo panayankha pokha, mwini wake asanalole. Mawu aja anali atawanena kambirimbiri moti ankadziwa okha njira.

"Bwana, ine ndikamulemba munthu, ngakhale mayi ake omubereka sangamuzindikire."

Anthu anaseka. Achimwene nawo anaseka, akuyang'ana mayi wa chipewa kuti aone ngati wamva.

Nzeru yotsala inali imodzi. Papepala wabutchala anali wabutchala. Chofunika n'kumusiya papepala pomwepo. Lumo anaganiza zowerenga mwamsanga, mozizira, ngati munthu wolengeza za maliro a munthu wosamudziwa, kuti mawu adutse pamwamba pa mitu ya anthu osakhudza aliyense. Anatsegula buku, naweramitsa mutu, nayamba.

Anawerenga za wabutchala wamfupi wandevu. Anawerenga za woimba gitala. Mawu ankatuluka ofanana ngati madontho a pampopi wowonongeka. Tsamba loyamba lisanathe anamva mpando ukulira kumbuyo. Wina anayasamula mosabisa. Atakweza diso pang'ono anaona timagalasi ta mafoni tikuyaka m'mizere yapakati, ana a sukulu akutsinana, azimayi awiri akutuluka mowerama. Pulofesa ankayang'ana wotchi. Wandakatulo uja, atatolanso sikafu yake, anali atatsamira, akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene wapambana mlandu.

Lumo anapirirapo zambiri pamoyo wake: njala, mwini nyumba, magetsi kuzima mutu wa mkwati uli pakati. Koma chiyambire sanayankhulepo pagulu anthu n'kuyasamula. Chinamulasa pamalo pamene chikumbumtima sichifika. Pang'ono pokha, anadziuza. Kamchere pang'ono.

Pofika pamene mayi woyandikana ndi wabutchala akusuzumira pampanda, anamupatsa mawu a mkazi wa mwini nyumba, opyapyala, ofuna nkhani. Mzere wachitatu unaseka. Mafoni angapo anazima. Anawonjezera. Anamuyendetsa wabutchala kupita kuchingwe monyang'ama, akuyang'ana uku ndi uku, ndipo holo inayamba kudzuka ngati ng'ombe zomva fungo la madzi. Kuseka kukafika pankhope ya munthu wonga Lumo kuli ngati mowa wa ulere. Anaimirira. Anachotsa chimkuzamawu pamtengo wake. Buku linatsekeka, chala chili m'kati, kenako chalanso chinatulukamo. Sankawerenganso. Anali m'babashopu yake, benchi litadzaza.

Anagwada pansanja n'kuchapa diresi losaoneka, akupukuta thovu pamphumi ndi mkono. Anatenga bolopeni n'kuiluma ngati pegi. Anaimirira kuti ayanike, ndipo poimirirapo msana unapindika wokha monga umapindikira wa munthu wamtali wozolowera kuwerama pazitseko. Wabutchala wamfupi wamimba uja anali atatsalira m'buku. Anafotokoza za diresi la kutchalitchi loyanikidwa Lolemba, anthu n'kugwira m'mimba. Pulofesa anavula magalasi kupukuta misozi, milatho yake itagwera kukhutu.

"Ndiye mayi wa pampanda uja akuti, 'Kodi achimwene, mayi ali bwanji masiku ano? Sitikuwaonatu, tikungoona zovala.'"

Lumo anachotsa bolopeni m'kamwa pang'onopang'ono. Anayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwa tebulo. Papepala panalembedwa kuti "Palibe vuto." Koma Lumo sanali kuyang'ana papepala.

"Kho-kho," anatero. "Aa, ayi. Zonse zili m'malo mwake."

Holo inaphulika. Ena anamenya mipando, ena anapondaponda pansi. Ndipo m'kati mwa phokoso lokomalo, limene analilota moyo wake wonse, Lumo anamva zimene pakamwa pake panena, ngati mmene umamvera mashini atadya pamene sunafune, tsitsi litagwa kale pansi.

Anayang'ana mzere woyamba. Achimwene anali atakhala tsonga, manja pamaondo, dazi likunyezimira thukuta. Sankaseka. Sankaoneka okwiya. Ankangomuyang'ana mmene ankamuyang'anira kale akamupeza kumsika nthawi ya sukulu, asananene kanthu. Anthu atayamba kuomba m'manja, iwonso anakweza manja awo okhakhala aja naomba, pang'onopang'ono, mpaka ena onse atasiya.

Lumo anakhala pansi. Anatsegula kabotolo ka madzi koma sanamwe. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ndipo wamkuluyo anali pomwepo, mu jekete ya ukwati, akuomba m'manja.

"Zodabwitsa!" anatero Pulofesa. "Tilandire mafunso."

Anaimirira mnyamata wa pakoleji, nafunsa funso lalitali lokhala ndi michira, lokhudza udindo wa mlembi pa chitukuko. Lumo anayankha zimene sanazimve ngakhale iye mwini. Mutu wake unali pa ntchito ina, kusoka pamene pang'ambika. Achimwene adziwa, zimenezo zatha. Koma adziwa okha. Anthu awa ndi alendo, aseka wabutchala, akatuluka pano akaiwala. Zikadali pakati pa awiri, monga kuseri kwa nyumba kuja. Akawagwadira kushedi, pautuchi pomwepo. Akawauza kuti amumenye ndi thabwa ngati akufuna. Chibale ndi fupa, sichiola. Bola anthu asadziwe. Bola zimenezo.

Anayamba kupuma bwino pang'ono.

"Funso lomaliza," anatero Pulofesa. "Eya, mayi a chipewa kutsogolo kuno."

Mtsikana wa mafoni awiri anathamanga ndi chimkuzamawu. Mayi uja anaimirira movutikira, atagwira buku la Lumo pachifuwa. Maso ake anali ofiira, ndipo sikunali kufiira kwa kuseka.

"Ine langa si funso la kwa alembi ayi," anatero, mawu ake akugwedeza mawindo. "Alembi mwatiseketsa, zikomo. Koma ine pena ndinaleka kuseka, chifukwa zinandikhudza. Munthu wa manja abwino chonchi, waulemu, wondikonzera mpando ine mlendo osandidziwa."

Anatembenuka, chipewa chonse n'kutembenuka naye, ndipo holo yonse inatembenukira komweko. Kumbuyo ana a sukulu anaimirira kuti aone bwino. Wina ananong'ona mokweza kuti, "Ndi bambo a pashelefu aja!" ndipo kunong'onako kunayenda mzere ndi mzere.

Mayiyo anaika dzanja paphewa la jekete ija mwachifundo chenicheni.

"Pepani bambo, ndingofuna kudziwa kuti mtima wanga ukhale pansi. Kodi mayi aja anabwerako?"

Ndipo anawaikira chimkuzamawu pakamwa.

Achimwene anachiyang'ana chinthucho. Anayang'ana mphwawo pansanja, kakhadi ka MLEMBI kali pachifuwa. Kenako, poti munthu wamkulu akafunsidwa ndi mayi pagulu amayankha, anaimirira, msana utapindika pang'ono, nakonza jekete yawo.

Kutsokomola kwawo kunamveka m'zimkuzamawu zonse za m'holo, ndi za panja m'matenti momwe.

"Kho-kho. Aa, ayi, mayi," anatero. "Zonse zili m'malo mwake."

Panalibe amene anaseka.